Kupanga perefyumu wa maganizo anuanu: kuyambira pa muzu wa vetiva mpaka m'botolo

Aliyense amene anakulira m'minda yotsetsereka ya ku Bembeke, Lizulu kapena Tsangano amaudziwa udzu wa vetiva, umene alangizi a zaulimi akhala akutilimbikitsa kubzala m'mizere ya akalozera kuti madzi a mvula asakokolole nthaka. Timaudutsa tsiku ndi tsiku popita kukapalira mbatatesi, koma ndi anthu ochepa amene anakumbapo muzu wake, kuutsuka, kuuyanika pamthunzi, kenako n'kuufikitsa pamphuno. Amene anayesapo amadziwa kuti muzuwo uli ndi fungo lozama, lokhala ngati la dothi lonyowa losakanikirana ndi chikuni chozima moto komanso kuwawira kwa khungwa la mtengo. Mafuta a mizu imeneyi amawatcheza ndi nthunzi, mwa njira yosasiyana kwenikweni ndi katchezedwe ka kachasu, ndipo ochuluka amachokera ku Haiti, ku Indonesia ndi ku India. Mafuta amenewa ali m'kati mwa maperefyumu ambiri odula a amuna amene timawasirira m'masitolo a ku Lilongwe, pamene udzu wake uli m'mbali mwa munda wathu.

M'misika yathu muli anthu ambiri ogulitsa mafuta onunkhira oyezera m'timabotolo, amene amatengera fungo la maperefyumu otchuka a kunja. Imeneyo ndi ntchito yolemekezeka ndipo imadyetsa mabanja, koma si imene ndikufuna kufotokoza pano. Ndikufuna kufotokoza mmene munthu amayambira kupanga fungo limene linali lisanakhaleko, lochokera m'mutu mwake, limene wina akalimva angathe kunena kuti dzanja limene linasakaniza izi ndi la uje. Afalansa amatchula katswiri wotere kuti "nez", kutanthauza mphuno, ngakhale kuti dzinali limasocheretsa pang'ono, pakuti mbali yaikulu ya ntchitoyi imachitikira m'maganizo. Mbiri ya Jean Carles, katswiri wa mumzinda wa Grasse ku France amene anayambitsa sukulu ya ntchitoyi m'chaka cha 1946, imasimba kuti mphuno yake itasiya kumva fungo iye anapitiriza kulemba kasakanizidwe ka maperefyumu papepala, chifukwa fungo la chinthu chilichonse anali atalisunga m'mutu monga mmene mphunzitsi wa kwaya amamvera nyimbo poyang'ana manotsi okha.

Kuphunzitsa mphuno

Musanagule botolo ngakhale limodzi la mafuta, gulani kope. Kwa miyezi ingapo yoyambirira ntchito yanu ikhale kununkhiza ndi kulemba, ndipo zinthu zoyambira nazo zili pafupi, pajatu fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tikitani tsamba la bulugamu, la mpungabwi, la gwafa ndi la phwetekere, lililonse palokha. Finyani khungu la ndimu, la lalanje ndi la nachesi, ndipo muyese kunena kusiyana kwake popanda kugwiritsa ntchito mawu oti "lokoma", chifukwa mawu amenewa sakuphunzitsani kanthu. Nunkhizani pichesi wakupsa wa pa Lizulu, masuku, utomoni wa paini wa m'phiri la Dedza, madzi a mumtsuko watsopano, thumba la ufa wa mgaiwa, chikopa cha ng'oma, ngakhale khola la mbuzi. Pa chilichonse lembani tsiku, dzina la chinthucho, chimene chakukumbutsani, ndiponso ngati fungolo ndi lozizira kapena lofunda, louma kapena lonyowa, lakuthwa kapena lofewa. Mudzaona kuti Chichewa chathu, monga zilankhulo zina zambiri, chili ndi mawu ochepa a fungo, kununkha ndi kununkhira basi, choncho mudzafunika kubwereka mawu kwa lilime, kwa khungu ndi kwa maso. Zimenezi zisakudetseni nkhawa, chifukwa mawu amene mudzadzipangire nokha ndi amene sadzakuthawani m'mutu.

Pali chifukwa chimene kulemba zokumbukira kumathandizira. M'mphuno mwa munthu muli mitundu pafupifupi 400 ya timagawo tolandira fungo, nkhani imene Linda Buck ndi Richard Axel anaiunikira m'chaka cha 1991 n'kulandira nayo mphoto ya Nobel mu 2004, ndipo uthenga wochokera m'timagawo timeneti umafika msanga m'mbali za ubongo zimene zimasunga zakale ndi kukhudza mtima. N'chifukwa chake utsi wa chitsononkho ungathe kukubwezerani m'khitchini mwa agogo anu musanaganize n'komwe. Wophunzira wa sukulu monga ISIPCA ya ku Versailles m'dziko la France, imene Jean-Jacques Guerlain anaikhazikitsa mu 1970, amaloweza mazana angapo a zipangizo mwa njira yomweyi, yomangirira fungo lililonse ku chinthu chimene akuchidziwa kale.

Nthawi yabwino yonunkhiza ndi m'mawa, m'chipinda chopita mphepo, kutali ndi utsi wa mbaula, musanadzole mafuta aliwonse. Mphuno imatopa msanga, ndipo ikamva zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi motsatizana imayamba kunama. Ikatero tulukani panja mupume mpweya wabwino, kapena nunkhizani mkono wa malaya anu ochapa. Khofi amene ogulitsa ena amakupatsani kuti "atsuke mphuno" ndi fungo linanso lowonjezera pa zimene mphuno yasenza kale.

Chiganizo chimodzi chisanafike dontho loyamba

Apa ndi pamene wopanga perefyumu amasiyanirana ndi wongosakaniza mafuta. Wongosakaniza amathira ichi chifukwa chikununkhira, n'kuthiranso icho chifukwa nachonso chikununkhira, ndipo pamapeto pake amapeza chinthu chonunkhira chimene sichikunena kanthu. Katswiri amayamba walemba chiganizo chimodzi chofotokoza chimene akufuna kuti munthu amve, ndipo chiganizocho ndicho chimaweruza dontho lililonse. Jean-Claude Ellena, amene anali wopanga maperefyumu wa kampani ya Hermès kuyambira 2004 mpaka 2016, anamanga perefyumu wotchedwa Un Jardin sur le Nil wa mu 2005 pa fungo la mango aawisi amene anawamva m'mbali mwa mtsinje wa Nile ku Egypt. Edmond Roudnitska, popanga Diorissimo wa mu 1956, ankafuna duwa limodzi lokha, kaduwa koyera kotchedwa muguet, ndipo anakabzala m'munda mwake ku Cabris, pafupi ndi Grasse, kuti azikanunkhiza poyerekeza ndi zimene akusakaniza. Onse awiriwa anadziwiratu kumene akupita asanatsegule botolo.

Chiganizo chimene ine ndinayamba nacho, chimenenso ndichigwiritse ntchito ngati chitsanzo mpaka kumapeto, chinali ichi: chizimalupsa chagwa madzulo pa Dedza, phiri likufuka nthunzi, ndipo tchire lopserera likununkhira dothi. Onani kuti chiganizochi chili ndi nthawi, malo, kutentha ndi kuzizira. Chikundiuza kale kuti m'botolomo simudzalowa vanila wotsekemera kapena maluwa ochuluka, ngakhale ndimazikonda zinthu zimenezo. Chanu chingathe kukhala cha chitenje cha amayi anu chotuluka m'sutikesi tsiku la ukwati, kapena cha msika wa Tsangano m'bandakucha wa mu June, kabichi akadali ndi mame. Chofunika n'chakuti chikhale chanu chenicheni, chimene mungathe kutseka maso n'kuchimva.

Zipangizo ndi kudziteteza

Zida zofunika ndi zochepa. Pamafunika sikelo yaing'ono yoyeza mpaka 0.01 ya galamu, timabotolo tagalasi tokhala ndi zotsekera zolimba, timapaipi todonthezera, timapepala tolimba topanda fungo toduladula motalika ngati chala, ndi zomata zolembapo. Musawerengere madontho ngati mukufuna kudzabwerezanso chimene mwapanga, chifukwa dontho la mafuta okhuthala ngati a vetiva silifanana kulemera ndi dontho la mafuta a ndimu. Chosungunulira chake ndi ethanol wa 95 kapena 96 peresenti, wopanda fungo. M'dziko muno ethanol amapangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, koma pogula funsitsani kuti akhale woyenera kupaka pakhungu, osati wosakaniza ndi petulo kapena mankhwala ena. Sipiliti wamtundu wapepo uja ali ndi mankhwala oipa ndipo asayandikire n'komwe ntchito imeneyi. Kachasu naye sathandiza, popeza ali ndi madzi ambiri amene amachititsa mafuta kuyera ngati mkaka, komanso ali ndi fungo lakelake. Kumbukiraninso kuti ethanol amayaka msanga, choncho musagwire ntchitoyi pafupi ndi kandulo, koloboyi kapena mbaula.

Mafuta oyambira nawo asapitirire mitundu 15, ndipo pa alionse mupatuleko oyesera n'kuwasungunula pa 10 peresenti, kutanthauza galamu imodzi ya mafuta mu magalamu 9 a ethanol. Mukatero mafuta amakhalitsa, mphuno siivulala, ndipo fungo lenileni la chinthu limamveka bwino kuposa chikakhala chosasungunula. Mawu oti "zachilengedwe" asakupusitseni kuti chinthu sichingapweteke. Mafuta ofinyidwa kuchokera ku khungu la bergamot, chipatso cha mtundu wa ndimu cholimidwa ku Calabria m'dziko la Italy, angathe kutentha khungu ndi kusiya zipsera zakuda munthu akawadzola n'kuyenda padzuwa, n'chifukwa chake muyenera kugula amene anachotsedwa mankhwala ochititsa zimenezi, olembedwa kuti FCF. Bungwe la IFRA, la makampani opanga zonunkhira a m'mayiko osiyanasiyana, limene linakhazikitsidwa mu 1973, limasindikiza malire a kuchuluka kwa zipangizo zosiyanasiyana m'perefyumu, ndipo malirewa amapezeka pa intaneti kwaulere. Awerengeni musanapatse munthu aliyense chimene mwapanga.

Alendo atatu a m'botolo

Zinthu zonunkhira siziuluka pa liwiro limodzi, ndipo luso lonse la kamangidwe ka perefyumu lagona pa mfundo imeneyi. Ine ndimaziyerekeza ndi alendo atatu ofika pakhomo. Woyamba ndi wongolonjera, amene amafika ndi chisangalalo n'kutsanzika mpando usanafunde, ndipo m'gulu limeneli muli mandimu, malalanje, bergamot ndi masamba onunkhira, amene amatha pa mphindi 15 mpaka 30. Wachiwiri ndi wocheza, amene amakhala maola angapo, monga rozi, jasmine, geranium ndi zokometsera zakudya ngati cloves. Wachitatu ndi wogonera, amene mudzamupeza pa kolala ya malaya m'mawa mwake: vetiva, patchouli (mafuta a masamba omveka ngati dothi), sandalwood (mtengo wonunkhira), lubani, vanila ndi musk (fungo lofunda ngati la khungu). Ogula ambiri amanyengeka ndi mlendo woyamba, amalipira ali m'sitolo momwemo, kenako n'kudandaula pofika kunyumba kuti fungo lasintha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wopanga wanzeru amayamba kumanga ndi mlendo wogonera, chifukwa ndiye amene mwini perefyumu adzakhale naye nthawi yaitali.

Njira imene Jean Carles ankaphunzitsa ndi yosavuta kuimva, ngakhale imafuna kudekha kwa munthu wofuna kuona maso a nkhono. Sankhani zinthu ziwiri zogonera zimene zikugwirizana ndi chiganizo chanu, kwa ine vetiva ndi cedar. Konzani timabotolo tisanu ndipo musakanize ziwirizo pa milingo iyi: 9 kwa 1, 8 kwa 2, 7 kwa 3, 6 kwa 4, ndi 5 kwa 5. Mukafuna, tembenuzani milingoyo kuti chachiwiri chichuluke. Viikani kapepala m'kabotolo kalikonse, lembani nambala ndi nthawi, ndipo mununkhize pakapita mphindi 10, ola limodzi, maola anayi, ndi m'mawa mwake. Chimene mukufunafuna ndi mlingo umene zinthu ziwirizo zimaleka kumveka ngati ziwiri n'kusanduka chinthu chachitatu chimene panalibe, monga mmene nsinjiro ndi nkhwani zikaphikidwa bwino zimalekera kukhala mtedza ndi masamba. Mukaupeza mlingowo, usungeni ngati chinthu chimodzi ndipo muuyese ndi chinthu chachitatu mwa njira yomweyo. Kenako muwonjezere alendo ocheza, ndipo olonjera abwere pomalizira.

Ndanena za cedar, ndipo ndiyenera kupatukako pang'ono. Mtengo wa fuko lathu, mkungudza wa ku Mulanje, uli ndi fungo limene aliyense amene anatsegulapo kabokosi kosema ka mtengowu saliiwala, koma mtengowu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo chifukwa chodulidwa mosasamala ndi moto wolusa. Munthu wokonda fungo asakhale mmodzi wa ogula matabwa ake obedwa. Mafuta a cedar amene amagulitsidwa pa malonda amachokera ku mitengo ina, monga ya ku America ndi ya m'mapiri a Atlas ku Morocco, ndipo a ku Virginia amamveka ngati pensulo yosongoledwa kumene.

Luso la kuchotsa

Perefyumu wanga woyamba wa chizimalupsa anali ndi zinthu zoposa 20. Ndinathiramo chilichonse chimene ndinkaganiza kuti chili pa Dedza, ndipo mafuta a paini ndinawathira mowolowa manja, poti phiri lathu ndi la paini. Nditadzola n'kupita kukacheza kwa achimwene, mlamu wanga anandilandira bwino, kenako anafunsa mwaulemu kuti, "Alamu, kodi mwadzera kuchipatala? Kunyumba kuli bwino?" Funso limenelo linandiphunzitsa chinthu chimene ndinali ndisanachimvetse, chakuti mphuno za anthu zimamangirira fungo la paini ku mankhwala okolopera, ndipo zilibe kanthu kuti ine ndinkaganiza za phiri. Ndinachotsa paini yense. M'malo mwake ndinawonjezera lubani, utomoni wa mitengo ya ku Somalia ndi ku Oman umene timaudziwa kutchalitchi ndi kumzikiti, chifukwa lubani ali ndi kafungo ka utomoni wa paini ndi ka ndimu kobisika m'kati mwake. Phiri linabwerera m'botolo paini atatulukamo.

Kuyambira pamenepo ndinamvetsa chifukwa chimene akatswiri ena amanenera kuti perefyumu sajambula chinthu monga chilili, koma amachititsa munthu kukhulupirira kuti chinthucho chilipo. Kaduwa ka muguet ka Roudnitska sikatulutsa mafuta amene angatchezedwe, choncho m'botolo la Diorissimo mumamveka duwa limene mulibemo. Ellena amadziwika kuti anachepetsa zipangizo za pa tebulo lake kufika pafupifupi 200, pamene makampani aakulu monga Givaudan, IFF ndi Symrise ali ndi zipangizo zopitirira chikwi, ndipo kasakanizidwe kake kamakhala kafupi, kopepuka ngati utoto wothira madzi. Germaine Cellier, mmodzi wa akazi oyamba kutchuka pa ntchitoyi, anali wosiyana naye kwambiri: mu Vent Vert wa mu 1947 anathira galbanum, utomoni wowawa womveka ngati tsinde lobiriwira lothyoledwa kumene, wochuluka pafupifupi 8 peresenti, mlingo umene anzake ankauona ngati wopitirira muyeso. Wina amanong'ona, wina amafuula, koma onse awiri ankadziwa chinthu chimodzi chimene akufuna kunena ndipo anachotsa zonse zolepheretsa kuti chimveke. Ine mtima wanga umapendekera kwa onong'ona, mwina chifukwa cha kuzizira kwa kwathu kuno kumene munthu amamva fungo la mnzake akayandikira kudzaotha moto, koma sindinganene kuti njira ya Cellier ndi yolakwika.

Choncho mukafika pa kasakanizidwe kamene kakukusangalatsani, chitani ntchito imene ambiri amaithawa. Konzani timabotolo tatsopano, ndipo m'kalikonse musiye dala chinthu chimodzi. Ngati mwasiya geranium ndipo simukumva kusiyana, geranium analibe ntchito ndipo atuluke, ngakhale munamugula modula. Ngati mwasiya patchouli ndipo zonse zagwa ngati nyumba yochotsedwa mzati, mwadziwa chimene chikusenza denga. Sinthani chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse ndipo mulembe nambala ya kuyesako, chifukwa mukasintha zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chakonza kapena chimene chaononga. Akatswiri amayesa kambirimbiri, nthawi zina mpaka mazana, asanakhutire. Mtundu wa dzanja lanu udzayamba kuonekera m'kope lomwelo, pa zinthu zimene mumabwerera kwa izo nthawi zonse ndi zimene mumazikana nthawi zonse.

Pali mfundo ina imene oyamba kumene amavutika kuilandira, yakuti fungo lokoma lokhalokha limatopetsa. Duwa la jasmine lili ndi mankhwala otchedwa indole, amene paokha amanunkha ngati timibulu toyera tothamangitsira njenjete m'zovala, ndipo akachuluka amayandikira fungo la chimbudzi, komabe ndi amene amapatsa duwalo moyo. Ophika athu amaidziwa nzeru imeneyi: kuwawira pang'ono kwa luni kapena kafungo ka utsi pa nsomba yowamba ndi zimene zimachititsa munthu kupempha nsima ina. Mu perefyumu wanga, kafungo ka lupsa kanachokera ku vetiva wa ku Java, amene amamveka utsi kwambiri kuposa wa ku Haiti, ndipo popanda iye zonse zinkamveka zaukhondo mopitirira ngati sopo.

Ena amafunsa ngati perefyumu weniweni ayenera kukhala wa zomera zokhazokha. Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo mbiri ya ntchitoyi ikuvomereza. William Perkin anapanga coumarin m'labotale mu 1868, mankhwala omveka ngati udzu womwetedwa ukamauma, ndipo Paul Parquet atawathira mu Fougère Royale mu 1882 anatsegula njira ya maperefyumu amakono. Chanel No 5, amene Ernest Beaux anapanga mu 1921, amadziwika ndi mankhwala otchedwa aldehyde opangidwa ndi anthu. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya mafuta a rozi ku Bulgaria kapena ku Turkey pamafunika makilogalamu oposa 3,000 a maluwa, choncho zopangidwa m'labotale zimachepetsa mtengo, zimapulumutsa zomera ndi nyama, komanso zimapereka mafungo amene chomera sichingapereke. Zachilengedwe zimabweretsa kuzama, chifukwa dontho limodzi la mafuta a chomera limakhala ndi mitundu yambirimbiri ya mankhwala. Zopangidwa zimabweretsa mpata wopumira ndi mphamvu yoti fungo liyende. Hedione, amene Roudnitska anamutchukitsa mu Eau Sauvage wa mu 1966, amapepuza chilichonse ngati mwatsegula zenera, ndipo Iso E Super amafewetsa mafungo a mitengo.

Fungo lenileni la mvula yoyamba limachokera makamaka ku geosmin, mankhwala opangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'nthaka, ndipo mphuno ya munthu imawamva ngakhale atachepa motani. Mumzinda wa Kannauj ku India amatcheza zidutswa za dothi lootcha n'kukola nthunzi yake m'mafuta a sandalwood, kuti apeze fungo lomweli. Nthawi iliyonse ndikaona mbiya zikutuluka mu uvuni kuno ku Dedza, kumene dongo ndi luso loumba zili zathu, ndimaganiza kuti ntchito imeneyo tikanatha kuiphunzira.

Kasakanizidwe kamene ndinakhazikikapo, pa magawo 100, kanali kotere: vetiva 30, cedar 20, Iso E Super 18, Hedione 10, bergamot 10, lubani 8, patchouli 3, ndi gawo limodzi la geosmin wosungunulidwa mpaka 0.1 peresenti. Zinthu zoposa 20 zija zinatsika kufika pa 8. Sindikupereka milingoyi kuti muikopere, chifukwa mafuta amene mudzagule sadzafanana ndendende ndi anga, ndipo chizimalupsa chanu sichinagwe pamalo pamene chinagwa changa. Ndaipereka kuti muone mmene pepala la wopanga perefyumu limaonekera. Ngati mafuta a vetiva akusowa, mungathe kukumba mizu ya udzu umene wakhala m'nthaka kopitirira chaka, kuitsuka, kuiumitsa bwinobwino pamthunzi, kuiduladula ndi kuiviika mu ethanol kwa milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, mukugwedeza botolo mwa apo ndi apo. Fungo lake limakhala lofooka kuposa la mafuta otchezedwa, koma ndi la nthaka yanu. Kumbani pa nazale kapena pamalo pamene mwabzalira cholinga chimenechi, osati pa kalozera amene akuteteza munda.

Kusungunula, kudikira ndi kuyesa

Mafuta osakanizawo muwasiye m'botolo lotseka kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti azolowerane, kenako muwathire mu ethanol. Mlingo wa 15 peresenti ndi poyambira pabwino, kutanthauza magalamu 1.5 a mafuta osasungunula mu magalamu 8.5 a ethanol. Mawu amene mumawaona pa mabotolo a m'sitolo amanena za mlingo womwewu: eau de cologne amakhala ndi mafuta pafupifupi 2 mpaka 5 peresenti, eau de toilette 5 mpaka 15, eau de parfum 15 mpaka 20, ndipo parfum amapitirira pamenepo. Kuchulukitsa mafuta sikuti nthawi zonse kumakometsa, chifukwa kasakanizidwe kena kamatseguka bwino kakapepuka. Botololo liikeni m'kabati mwamdima ndi mozizira kwa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Perefyumu wa tsiku loyamba amabaya mphuno ndi ethanol ndipo zinthu zake zimamveka chilichonse payekha, koma pakatha mwezi m'mbali mwake mumasalala. Mukaona zinyalala pansi, sefani ndi pepala losefera khofi.

Musanadzole thupi lonse, pakani pang'ono m'kati mwa mkono ndipo mudikire masiku awiri kuti muone ngati khungu silikuyabwa kapena kufiira. Kenako yesani pa anthu angapo, chifukwa khungu louma limataya fungo msanga kuposa lamafuta, ndipo thukuta la munthu aliyense limasintha zinthu mwa njira yake. Powafunsa maganizo musanene kuti "kodi akununkhira?", popeza mwaulemu wathu aliyense adzavomera. Afunseni kuti fungolo lawakumbutsa chiyani, ndipo musawauze chiganizo chanu. Wina akatchula mvula, dothi kapena kumunda, mwayandikira. Akatchula chipatala, bwererani ku kope. Mverani zimene akumva, koma musalole kuti aliyense awonjezere chimene iye amakonda, chifukwa perefyumu wokondweretsa anthu onse amatha wafanana ndi ena onse a pa shelefu.

Ife a ku Dedza ndi Ntcheu tili ndi mwayi umene ambiri alibe, woyesa perefyumu m'nyengo ziwiri tsiku limodzi. Kumtunda kuno, makamaka mu June ndi July, kuzizira kumagwira fungo kuti lisauluke, moti bergamot amakhalitsa ndipo vetiva amamveka mwakachetechete pafupi ndi khungu. Dzolani m'mawa, kwerani galimoto yotsika msewu wa Khwekhwelere kupita ku Golomoti, ndipo pofika kuchigwa kotentha mudzamva mmene olonjera aja amathawira mwamsanga ndi mmene patchouli amakulira mpaka kudzaza minibasi. Ulendo umenewo ndi umene unandichititsa kutsitsa patchouli kuchoka pa magawo 6 kufika pa 3. Ngati mukupangira munthu wa ku Mtakataka kapena wa kunyanja, pepuzani zogonera ndipo mutsitse mlingo wa mafuta. Ngati ndi wa ku Bembeke, mungathe kulemeretsa popanda mantha.

Mukafuna kugulitsa, funsani ku Malawi Bureau of Standards za zofunika pa katundu wopaka pakhungu, ndipo pa botolo lililonse mulembe dzina la perefyumu, tsiku limene munasakaniza ndi nambala ya kasakanizidwe kochokera m'kope lanu, kuti wogula akadzabweranso patatha chaka mudzathe kumupatsa chimene anachikonda. Dzina likhale lanu, lochokera m'chiganizo chija, osati lobwereka kwa kampani ya kunja. Langa ndinalitcha Chizimalupsa, ndipo pa chomata cha botolo limene mlamu wanga amasunga m'kabati mwake palembedwa nambala 41.